Maid cafe ya ku Tokyo: kodi munthu wapabanja n'kulowamo?

Funso lachokera kwa bambo wina amene akupita ku Tokyo kukachita maphunziro a masabata atatu limodzi ndi anzake awiri akuntchito, mmodzi ndi mayi. Akuti Lamulungu lina adzakhala opanda zochita ndiye mnzawo wawanyengerera kuti akaone maid cafe ku Akihabara, dera lina la mu Tokyo momwemo. Madamu kunyumba atangoona pa foni zithunzi za atsikana a timadiresi ndi maepuloni nkhope inasintha. Ndiye akufunsa kuti malo amenewa ndi otani kwenikweni, munthu wapabanja komanso wopemphera angalowemo, pamafunika ndalama zingati, nanga wosadziwa Chijapanizi zingamuyendere?

Achimwene, ndiyambe ndi kukhazika pansi mtima wa alamu anga chifukwa nkhani yagona pamenepo. Maid cafe yeniyeni si bala ndipo si malo aja mukuganizira ayi. Ndi malo omwera tiyi ndi kudya, owala ngwee, a pinki pena paliponse, momwe operekera zakudya amavala ngati antchito a m'nyumba za mabwana a ku Ulaya akalekale, ndipo onse amasewera sewero limodzi loti inuyo ndinu mwini nyumba mwangobwerako kuulendo. Chimene mumagula kumeneko ndi seweroli. Chakudya ndi chongoperekeza. Ndipo chovuta chake, chimene anthu ambiri sawuzidwa asanapite, ndi choti nanunso muli m'sewero momwemo, simungakhale pakona n'kumangoonerera mutapinda manja. Ine ndakhala ku Japan kuno zaka zingapo ndipo ndaperekeza alendo ambiri kumaloku, amene amatuluka atakhumudwa nthawi zonse ndi aja amalowa atamanga nkhope ngati abwera kudzayendera ofesi.

Pang'ono pokha za komwe zinachokera kuti mumvetse. Akihabara nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha unali msika wa zipangizo za mawailesi, kenako mafiriji ndi ma TV, kenako makompyuta, ndipo makompyuta anakoka anyamata okonda magemu ndi makatuni a anime, aja amawatchula kuti otaku. M'makatuni ndi magemu amenewo munkapezeka kwambiri atsikana ovala za umaid, ndiye wina anangoganiza zowatulutsa mu sikirini n'kuwapatsa thireyi. Maid cafe yoyamba yokhazikika inali Cure Maid Cafe, inatsegulidwa mu Marichi 2001 ku Akihabara komweko. Kenako kunabwera @home cafe mu 2004, ndi Maidreamin mu 2008, awiri amenewa ndiye akuluakulu amene alendo ambiri amafikirako. Pofika 2005 mawu oti moe anali atatchuka dziko lonse mpaka kulowa m'gulu la mawu otchuka a chaka chimenecho. Moe ndi kamtima kaja kamakugwira ukaona kanthu kokongola kosalakwa, kamwana ka mphaka kapena kamwana kongoyamba kuyenda, kumangofuna kukateteza. Mukamva mawu amenewa akubwerezedwa ka 50 pa ola limodzi musadabwe.

Pali chinthu chimodzi chimene ife chimatigunda mosiyana ndi alendo ena ndipo ndi bwino ndikuuzirenitu. Ku Japan mabanja wamba sakhala ndi wantchito wapakhomo, mayi kapena bambo amachapa yekha, kuphika yekha. Ndiye kwa iwo maid ndi munthu wa m'nthano basi, ngati mwana wa mfumu kapena mfiti ya m'katuni. Koma kwa ife mtsikana wantchito timamudziwa dzina, ndi uja anachokera kumudzi, amadzuka 4 koloko kusesa panja ndi kutenthetsa madzi, malipiro ake ochita manyazi kutchula. Tsiku loyamba mtsikana atandiweramira n'kunditchula kuti goshujin-sama, kutanthauza bwana mwini nyumba, thupi linachita tsemwe, ndinamva ngati ndasanduka mzungu wa ku esiteti nthawi ya atsamunda. Zinanditengera mphindi zingapo kuzindikira kuti m'chipinda chimenecho bwana weniweni ndi mtsikanayo. Iye ndi amene amakuuza pokhala, zoyankhula, nthawi yowomba m'manja, nthawi yonyamuka, ndipo ukaphwanya lamulo amene amatuluka ndiwe. Ambiri mwa iwo ndi ana asukulu za ukachenjede ogwira ganyu, ena akufuna kudzakhala oimba, ena amangokonda zovalazo.

Tsono mmene zimayendera. Malo ambiri sali pansi, ali m'nyumba zosanja zopyapyala, mumaona chikwangwani cholembedwa 4F kapena 6F, kutanthauza fulo yachinayi kapena yachisanu ndi chimodzi, ndiye mumakwera kachikepe kothina kolowa anthu anayi. Chitseko chikatseguka wina amaliza kabelu, atsikana onse pamodzi amakuwa kuti okaerinasaimase goshujin-sama, ndiye kuti takulandirani kunyumba kwanu bwana. Mayi muli nawowo adzawatchula kuti ojou-sama, ngati kunena mwana wamkazi wa bwana, kadona ka panyumba, kaya mayiyo ali ndi zidzukulu zilibe kanthu. Asanakukhazikeni kapena mukangokhala amakuonetsani khadi la malamulo ndi mitengo, m'malo akuluakulu limakhala lachingerezi ndi zithunzi zomwe. Liwerengeni ndithu, musangogwedeza mutu. Ku Maidreamin amakuuzani kuti mwalowa dziko la maloto, amayatsa kakandulo ka batire mwa matsenga awo, ndipo pofuna kuitana woperekera simukweza dzanja n'kunena kuti pepani, mumapinda manja ngati mphaka n'kulira kuti nyan nyan. Inde achimwene, inuyo ndi ndevu zanuzo. Mwina akuvekaninso timakutu ta mphaka kapena ta kalulu kumutu. Ku @home cafe amakupatsani kakhadi ka umembala kolembedwa dzina lanu, kamene kamakwera giredi mukamabwera pafupipafupi, alipo anthu amene anabwerako kambirimbiri.

Chakudya chotchuka ndi omurice, mpunga wokazinga ndi tomato sosi wokutidwa ndi dzira. Mtsikana amabwera ndi botolo la tomato sosi n'kukufunsani kuti ndijambule chani. Ambiri amati mphaka kapena chimbalangondo. Mkulu wina amene ndinamuperekeza, munthu wolemekezeka kuntchito kwake, wa jekete ndi tayi Loweruka lomwe, anati iye akufuna mvuu. Ndinamasulira kuti kaba. Mtsikana uja anaima kaye, n'kuluma mlomo, n'kuyamba kufinya botolo mosamala ngati akulemba mayeso, chimene chinatuluka chinali pakati pa nkhumba ndi mbatata koma anachiika timano tiwiri ndi kamtima pambali. Ndiye anati chakudya sichingadyedwe chisanathiridwe mphamvu. Tonse tipange kamtima ndi zala, tiyendetse kumanzere, kumanja, tinene pamodzi kuti oishiku nare, moe moe kyun, kenako tiponye kamtimako pa mbale. Tanthauzo lake ndi loti chikome, chikome. Mkulu uja ulendo woyamba anangong'ung'udza, mtsikana anapukusa mutu n'kunena kuti mphamvu yachepa tibwereze, ndipo ulendo wachiwiri bambo wamkulu anakuwa kyun mpaka a tebulo lina anawomba m'manja. Anaseka mpaka kuvula magalasi kupukuta misozi. Za kukoma kwa mpungawo tisanamizane, ndi wapakatikati, kuseri kwa msewu womwewo mupeza ramen (chakudya chonga sipageti cha mu msuzi) yokoma kuposa pamenepo pa mtengo wotsika. Ine ndimalangiza kuti mudye kaye kwina, kuno mudzangoitanitsa chakumwa kapena ayisikilimu uja amamukongoletsa ngati kanyama. Ngati wina mwa inu sadya nkhumba afunse, mawu ake ndi butaniku, chifukwa mumpunga wina amaikamo hamu.

Nthawi zina magetsi amazima mwadzidzidzi, nyimbo n'kuphulika, mtsikana mmodzi kapena awiri n'kukwera pa kasiteji kuvina, ndiye kuti pali kasitomala amene walipira shoo. Pamenepo mudzaona makasitomala a masiku onse akutulutsa timitengo towala n'kumatigwedeza mogwirizana ngati anachita kuyeserera, ndipo anayesereradi. Palinso timasewera ta pa tebulo ta mphindi zitatu, ndi janken, masewera a manja aja a mwala, pepala ndi sizasi. Zonsezi n'zolipira padera kupatula zimene zachitikira chipinda chonse.

Ndalama tsono. Pali ya pakhomo, imene nthawi zambiri imakhala pakati pa 700 ndi 900 yen (ndalama ya ku Japan) pa munthu, ndipo imakugulirani ola limodzi. Pamwamba pake aliyense ayenera kuitanitsa kanthu, simungagawane kapu imodzi anthu atatu. Ambiri amatenga seti, chakumwa kapena chakudya pamodzi ndi chithunzi, imene imayambira cha m'ma 2,000 yen kukwera. Ndiye mukakonzekera 3,000 mpaka 4,000 yen aliyense mutuluka bwinobwino, osasowa ya sitima. Onetsetsani ngati mtengo walembedwawo uli kale ndi msonkho wa 10 peresenti kapena ayi. Chimene chimapweteka alendo ndi ola lija, malo ena likangodutsa amawerengera ya pakhomo ina ndi oda ina, ndiye mukamacheza muziponya diso pa wotchi. Kangachepe kosiya pa tebulo kulibe ku Japan, mukasiya chenji akuthamangirani nacho mpaka pa chikepe poganiza kuti mwaiwala. Makadi amalandira m'malo akuluakulu koma khalani ndi kashi m'thumba, timalo ting'onoting'ono tina timafuna ndalama yogwirika.

Malamulo ake ndi amene akuuzeni kuti malowa ndi otani. Osamukhudza mtsikana, ngakhale kumugwira paphewa pojambulitsa, ngakhale kupereka dzanja la moni ngati kwathu, manja anu akhale kwa inu. Osamufunsa dzina lenileni, zaka, kumene amakhala, nambala ya foni, kapena nthawi imene aweruke. Mukafunsa zaka ena amayankha kuti ali ndi 17 mpaka kalekale, kumene amachokera akuuzani kuti ku dziko la maluwa kapena la maswiti, ndi njira yaulemu yokuuzani kuti zimenezo sizikukukhudzani. Osamudikirira panja. Ndipo lalikulu kwa ife okonda kujambula chilichonse, osajambula atsikana ndi foni yanu, osatenga vidiyo, osajambula makasitomala ena. Chakudya chanu mutha kujambula, m'malo ambiri selefi yanu nokha amalola, koma funsani kaye. Chithunzi ndi maid chimagulidwa, chimatchedwa cheki, ndi tija timatuluka pompopompo mu kamera ya Instax ya Fujifilm. Mumasankha mtsikana amene mukufuna, amakuitanani dzina kutsogolo, mumaima pambali pake mukupanga kamtima kapena makutu a mphaka, kenako iye amakalembapo ndi mapeni a mitundumitundu. Malamulo onsewa sanangobwera, alipo amuna amene ankasokoneza sewero ndi moyo weniweni n'kumatsatira atsikana mpaka ku siteshoni.

Palinso lamulo la boma kuseri kwake. Ku Japan malo amene mkazi amakhala pambali pa kasitomala, kumuthirira mowa ndi kumusangalatsa nthawi yaitali ali m'gulu lina, amafuna laisensi yapadera pansi pa lamulo lotchedwa fueiho, ndi la mabala a mahositesi. Maid cafe wamba ilibe laisensi imeneyo ndipo siyifuna. N'chifukwa chake maid sakhala pa mpando wanu, amaima, kucheza nanu mphindi ziwiri zitatu n'kupita tebulo lina. Alamu amve pamenepa.

Koma ndikanakunamizani ndikanati Akihabara yense ndi woyera choncho. Apa ndiye tcherani khutu. Mukamayenda m'timisewu ta kuseri kwa msewu waukulu wa Chuo-dori, makamaka kukamada, mudzapeza atsikana ataima mzere m'mbali, ena ovala za umaid, ena za unesi, ena za uninja, atanyamula timapepala. Ena ndi a malo abwinobwino akungogawa mapepala. Koma ambiri ndi a zimene amati konkafe, ma concept cafe, amene kunena zoona ndi timabala ta kauntala tovala chikopa cha maid cafe. Si onse akuba ayi, koma kawerengedwe kawo ka ndalama ndi kena ndipo mlendo sakadziwa. Ine zinandionekera chaka changa choyamba. Tinali awiri, pamalo odziwika panali mzere wautali, mtsikana wina pamsewu anatiuza mtengo wooneka wabwino woti timwe mmene tingathere kwa mphindi 40, tinamutsatira mpaka fulo yachisanu ya kanyumba kena kopanda ndi chikwangwani chomwe. Tili mkati mtsikana wa pakauntala anafunsa mwaulemu ngati nayenso angamweko kanthu, ife ndi ulemu wathu wakumudzi tinati imwani, mnzake anabweranso, tinati imwani. Sitinadziwe kuti chakumwa cha mtsikana chili ndi mtengo wakewake wokwera, komanso kuti mphindi 40 zikatha nthawi imangodziwonjezera yokha popanda wokuuzani. Bilu inabwera yopitirira 12,000 yen. Tinalipira, tinatsika masitepe osayankhulana. Ajapanizi kubera kotere amati bottakuri. Boma la dera la Chiyoda, kumene kuli Akihabara, lili ndi lamulo loletsa kuitanira makasitomala pamsewu, mudzamva ndi zimkuzamawu zikuchenjeza, ndipo apolisi anamangapo eni malo ena oterewa chifukwa chochita za mabala a mahositesi opanda laisensi. Ndiye lamulo langa ndi limodzi, sankhani malo musananyamuke ku hotela, pitani nokha pakhomo pake, woitanira aliyense mungomuweramira pang'ono n'kudutsa. Mukaona malo olemba za kutikita thupi, kugona pamiyendo kapena kuyenda ndi mtsikana wa yunifolomu ya sukulu, amenewo si maid cafe, ndi bizinesi ina imene mzinda wa Tokyo unachita kuikira lamulo lake mu 2017 pofuna kuteteza ana osakwana zaka 18. Musayandikireko.

Ndinenenso maganizo anga, poti mwati ndinu munthu wopemphera. Ngakhale m'malo abwinowo, chimene chikugulitsidwa ndi kukongola ndi chibwana cha atsikana, timawu tokwera ngati ta mwana, ndipo mtsikana amene cheki zake zimagulidwa kwambiri ndi amene amatchuka. Pali anthu, Ajapanizi omwe, amene zimenezi siziwasangalatsa ndipo ine sindiwatsutsa. Mudzaonanso pakona bambo wa zaka 50 ali yekha, wabwera ndi chikwama cha kuntchito, akudikira kuti mtsikana amene amamukonda adutse amufunse kuti tsiku layenda bwanji. Poyamba ndinkaseka anthu oterewa, pano ndinasiya, mumzinda wa anthu mamiliyoni mmene munthu amatha sabata osayankhulana ndi wina kupatula wa mu shopu, kulipira kuti wina akuuze kuti takulandirani kunyumba si zoseketsa kwenikweni. Musawaloze chala, musawajambule. Ngati mtima wanu ukukana zonsezi palibe chimene mwataya posapita, Tokyo ndi wamkulu. Koma za tchimo lija alamu akuopa, m'malo odziwikawa mulibe, mudzakhala pakati pa magulu a atsikana apaulendo, maanja, ndi makolo obwera ndi ana.

Ndi iti yoti musankhe? Ngati mukufuna phokoso lonse, makutu a mphaka ndi kuvina, pitani ku Maidreamin kapena @home cafe, ali ndi nthambi zingapo ku Akihabara komweko ndipo anazolowera alendo, menyu yachingerezi ilipo ndipo pamapezeka mtsikana wodziwako chingerezi. Chijapanizi simukufunika, zambiri ndi manja ndi kubwereza zimene wanena, mukadziwa arigatou gozaimasu, kutanthauza zikomo, ndi kawaii, kutanthauza kokongola, mwamaliza. Ngati mukuona kuti za nyan nyan simungazithe pamaso pa anzanu akuntchito, Cure Maid Cafe ndi ya mtundu wina, madiresi aatali ofika kumapazi, bata, tiyi wabwino wothiridwa mwaulemu, palibe kukuwa. Mayi muli nawowo ngati angafune kubwezera, ku Ikebukuro, dera linanso la mu Tokyo, kuli Swallowtail, yotsegulidwa mu 2006, kumene operekera ndi amuna ovala majekete a michira ngati mabatila a m'nyumba zachifumu, koma kumeneko mumayenera kubukitsa malo pasadakhale. Maphunziro anu akakufikitsani ku Osaka, dera la Nipponbashi lilinso ndi malo oterewa.

Kafikidwe n'kosavuta, sitima ya JR ya Yamanote imaima pa Akihabara, mutulukire geti lolembedwa Electric Town. Poti mwati Lamulungu, masana ake msewu wa Chuo-dori amautseka kuti galimoto zisadutse kukakhala kuti kunja kuli bwino, anthu amayenda pakati pa msewu, n'kosangalatsa koma ndi tsiku la mizere. Fikani chakum'mawa malo akangotsegula, apo ayi mudzaima pa masitepe nthawi yaitali ndipo m'pamene woitanira amaoneka ngati mngelo. Pasipoti muyende nayo, ndi lamulo kwa mlendo aliyense ku Japan. Mowa amagulitsa m'malo ena, zaka zomwera ndi 20, koma kulowa mutaledzera akubwezani pakhomo.

Za cheki ija ndikupangireni nzeru. Jambulitsani nonse atatu pamodzi, mayi aja ali pakati, ena amalola gulu pa mtengo wowonjezera pang'ono. Ndipo dziwani kuti mtsikanayo akamakongoletsa chithunzicho adzajambulapo timitima, ndi ntchito yake, amajambulira aliyense ngakhale agogo. Ndiye musanamupatse peni mulembereni dzina la alamu pa kapepala kuti alikopere pamwamba pa timitimato, amavomera mosangalala ndipo adzakuuzani kuti kawaii katatu. Potuluka sadzanena kuti yendani bwino kapena zikomo pobwera, adzati itterasshaimase, pitani mukabwereko, poti paja kwanu ndi konkuno. Makutu a mphaka aja mubweze pa tebulo musanalowe mu chikepe, mkulu wa mvuu uja anafika nawo mpaka pa siteshoni.